Mthenga wa Mchere ku Najma

Pa 9 Marichi 2013, a Lingson Kachingwe a ku Linthipe m'boma la Dedza adatsika ndege ku Doha ali ndi zaka 38, atanyamula kontirakiti ya zaka ziwiri ndi kampani ina yokonza zikepe za m'nyumba zosanja. Kampaniyo idawapezera chipinda ku Najma, dera lakale ndi lothithikana la mzindawu, kumene mashopu osinthira ndalama amayang'anizana ndi ogulitsa mipando yogwiritsidwapo kale ntchito. Madzulo a tsiku lachitatu, atatopa ndi buledi ndi tiyi, adatsika masitepe, nakhotera kumanzere, nalowa pakhomo loyamba limene linkatulutsa fungo la adyo.

Malo odyerawo ndi a banja la a Wu, lochokera ku China. Adatsegulidwa mu 1997 ndipo ali ndi matebulo asanu ndi awiri, lachitatu lake lochirikizidwa ndi katoni yopinda. Bambo amene adawayambitsa adamwalira kalekale. Chithunzi chawo chili pamwamba pa firiji. Amene adatsala ndi mkazi wawo, Mayi Wu, munthu wamfupi wa zaka zopitirira 70, amene salola wina aliyense kuima pamoto. Mwana wawo wamwamuna amadula nyama ndi masamba, amaperekera mbale, ndipo ndiye womasulira pakafunika Chingerezi chopitirira mawu asanu.

Tsiku loyambalo a Kachingwe adapatsidwa ndandanda wa zakudya wa zithunzi zosuluka. Adaloza chithunzi chimene chinkaonekako bwino, ndipo kudabwera mpunga wokazinga ndi nyama ya ng'ombe, wothiridwa msuzi wakuda wa soya. Mawa lake adaloza chomwecho, chifukwa sadaone chifukwa choyambira ulendo wina. Pofika kumapeto kwa mwezi, ndandanda uja adasiya kuwabweretsera. Mayi Wu akangoona mutu wawo ukudutsa pazenera nthawi ya 6 koloko, ankayatsa moto, ndipo a Kachingwe pochoka kosamba m'manja ankapeza mbale ikufuka nthunzi pa tebulo la pansi pa makina oziziritsira mpweya. Amadya ndi supuni, koma kusamba m'manja sadaleke.

Zokambirana zawo zinali zofanana tsiku lililonse. Mayi Wu ankasuzumira pakabowo ka kukhitchini n'kufunsa kuti, "Zili bwino?" Iwo ankayankha kuti, "Zili bwino, Mama." Zidayenda motero masiku asanu ndi limodzi pa sabata kwa zaka khumi ndi chimodzi. Kontirakiti idawonjezedwa kasanu, ana awiri ku Lilongwe adafika ku sekondale, sitima ya pansi pa nthaka idabwera ku Najma, koma mbale idakhala yomweyo.

Mu Novembala 2024, dokotala wa kampani, amene amayeza chaka ndi chaka onse ogwira ntchito m'mwamba, adamanga lamba pamkono wa a Kachingwe kawiri, kenako adasintha mkono. Makina adaonetsa 168 pa 102. Dokotalayo adawafunsa zimene amadya madzulo, ndipo atamva yankho adafunsa kuti kangati pa sabata. Atamva yankho lachiwiri adaika cholembera pansi. Adawapatsa mapiritsi, nawauza kuti asiye mchere ndi kubweranso mu Febuluwale. Magazi akadzapezeka akuthamangabe chomwecho, satifiketi sadzasaina. Popanda satifiketi munthu sakwera pamwamba pa chikepe, ndipo injiniya wa zikepe wosakwera chikepe sapatsidwa kontirakiti ina mu Marichi.

Mapiritsi sadavute. Chidavuta ndi chakuti ku Linthipe munthu sauza mayi wamkulu amene wamuphikira kuti ndiwo zawawa mchere. Amamwa madzi, amathokoza, n'kumapita. Bambo awo a Kachingwe adadya ndiwo zowawa mchere zaka makumi anayi, ndipo adaikidwa m'manda ali ndi mbiri yabwino.

A Kachingwe adayamba ndi njira zimene sizifuna pakamwa. Kwa masiku atatu adakhotera kumanja potsika masitepe, nakadya nkhaka ndi tomato m'chipinda. Tsiku lachinayi kudamveka kugogoda, ndipo pakhomo padali mwana wa Mayi Wu atanyamula mbale yovundikira. A Kachingwe adaidya yonse mnyamatayo ali chiimire, popeza adati wauzidwa kubwerera ndi mbale. Sabata yotsatira adayesa kusiya theka. Mayi Wu adatuluka m'khitchini, nayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, nalawako ndi supuni yawo, nabwerera kumoto. Mawa lake msuzi wakuda uja udachuluka.

Akazi awo a Kachingwe, a Doris, amene ndi namwino ku Lilongwe, adamvetsera nkhani yonse pafoni.

"Ingowauzani, bambo a Chisomo. Si apongozi anu amenewo."

"Akanakhala apongozi zikanaphweka. Tikanatuma munthu."

A Doris adati akumva mmene amuna awo akupumira kuti akuganiza zopusa. A Kachingwe adati netiweki ikuvuta.

Munthu wotumidwa pakati pa Amalawi a ku Doha amadziwika. Ndi a Twaibu Lemani a ku Ntaja, mphunzitsi wa masamu pasukulu ina ku Al Sadd. Banja likagwedezeka amapita ndi iwo, maliro akafunika kutumizidwa kumudzi amalankhula ndi iwo, ndipo palibe amene adawamvapo akutchula chinthu ndi dzina lake pamene pali njira yozungulira. A Kachingwe adakumana nawo Lachisanu masana pakashopu ka tiyi wamkaka.

"Ndiye mwandichotsa ku Al Sadd chifukwa cha mchere, achimwene?"

"Mchere."

"Ine ndimayesa mwapeza mkazi wachiwiri. Ndinabwera nditakonzeka."

"Mawu ake ndi ochepa, a Lemani. Achepetseko msuzi wakuda uja. Khalasi, basi."

"Mawu ochepa ndi amene amayambanitsa anthu. Inu mumakonza zikepe, ine ndinakuuzaniponi mmene mungamangire nati?"

"Medikolo ili mu Febuluwale. Ndikalephera sandirinyuwa kontirakiti."

"Mafi mushkila, palibe vuto. Mundigulire tende wabwino, chipatso cha Aluya chija, osati wa m'pepala uja mumagulira alendo anu."

Loweruka nthawi ya 3 koloko, pamene malo odyera amakhala opanda anthu, a Twaibu adalowa atavala jekete, bokosi la tende lili m'manja onse awiri. Mwini nkhani sakhalapo pokamba nkhani yake, choncho a Kachingwe adakhala tsidya lina la msewu, m'shopu ya mipando, pa sofa imene inali pamalonda. Pazenera ankatha kuona zonse. A Twaibu adagwira pachifuwa. Kenako adagwira pamutu. Kenako adagwiranso pachifuwa n'kuyang'ana kudenga. Mwana uja ankamasulira, ndipo pamene ankamasulira nkhope yake inkagwa. Patapita mphindi makumi awiri Mayi Wu adakoka mpando nakhala pansi. Pa zaka zonsezo a Kachingwe anali asanawaonepo atakhala. Mwini shopu adawafunsa kachitatu ngati sofayo aigula.

A Twaibu adatuluka patatha mphindi makumi anayi, akupukuta pakamwa.

"Zatheka, achimwene."

"Mwati chiyani?"

"Ndanena zimene mthenga amanena. Chakudya chilibe mlandu. Dzanja la Mama lilibe mlandu. Wolakwa ndi thupi lanu."

"Mchere mwautchula?"

"Ndiutchule pamaso pa mwini mphika? Munaleredwa kuti inu? Ndati magazi anu akuthamanga, mtima watopa, mutu ukulemera, ana kumudzi akadali aang'ono, ndipo madokotala apukusa mitu."

"Dokotala anali mmodzi."

"Mmodzi sakwanira pa nkhani ngati iyi."

"Nanga ana aang'ono ndi ati? Chisomo ali Fomu 4."

"Sanandifunse makalasi. Koma mpunga ujatu ndi wabwino, wallahi. Andipatsa mbale yodzaza. Ndikumvetsa chimene chakuphani."

Mawa lake a Kachingwe adasamba m'manja monga mwa masiku onse, koma pa tebulo lawo padalibe kanthu. Mwana uja adawagwira pachigongono, nawatsogolera pang'onopang'ono ku tebulo la pakona, kutali ndi mphepo yozizira, ngati munthu wotuluka kumene m'chipatala. Botolo la msuzi wakuda lidali litachotsedwa pa tebulolo, ndiponso pa matebulo awiri oyandikana nalo. Kudabwera phala la mpunga lamadzimadzi, lopanda mchere ndiponso lopanda shuga, kachidutswa ka nsomba yophika ndi nthunzi, ndi ndiwo zobiriwira zonga nkhaka ya zitupsya, zowawa ngati kwinini. Pambali padali kapu ya madzi otentha m'mene munkayandama timaluwa touma.

Mayi Wu sadasuzumire pakabowo. Adaima pafupi ndi tebulo, manja ali kumbuyo, mpaka supuni yomaliza.

"Zili bwino?"

"Zili bwino, Mama."

Loweruka lotsatira Mayi Wu adatulutsa pansi pa kauntala makina awoawo oyezera magazi, amene adagulira malemu amuna awo, nawamanga pamkono wa a Kachingwe anthu ena akudya. Manambala adawalemba pakalendala ya kukhoma. Madalaivala awiri a ku Nepal amene amadya pamenepo adayamba kuwapatsa moni ndi mawu otsika, ndipo mmodzi adawasiyira mpando wake m'basi. Tsiku lina a Kachingwe adachedwa pa chikepe chimene chidaima pakati pa nsanjika ziwiri ku Al Duhail, ndipo atafika ku Najma adapeza mwana uja akuwayembekeza pa masitepe, atafunsa kale kuzipatala ziwiri.

Adaganizapo zokonza nkhaniyo, koma kuikonza kunkatanthauza kunena kuti mthenga wawo adanama, ndipo mthenga akanama wonama ndi amene adamutuma. Adapitiriza kumwa phala.

Pa 18 Febuluwale 2025 makina a dokotala adaonetsa 132 pa 84. Dokotalayo adayezanso, nasaina satifiketi, nafunsa a Kachingwe kuti adakwanitsa bwanji kusiya mchere pamene anzawo ambiri amalephera. Iwo adayankha kuti adathandizidwa ndi achibale. Mu Marichi kampani idawapatsa zaka zina ziwiri.

Madzulo a tsiku limene adasainira kontirakitiyo, a Kachingwe adatenga pepala la dokotala n'kupita nalo kwa a Wu. Adali atakonza m'mutu kuti mpunga uja ukhoza kubwerera kamodzi pa sabata, mwina Lachinayi, ndipo ankayembekeza kuti pepalalo lidzinenera lokha. Mwana uja adawerengera mayi ake mzere ndi mzere. Mayi Wu adagwedeza mutu, nayerekeza manambalawo ndi a pakalendala, nalankhula mawu angapo m'chinenero chawo.

"Mayi akuti asangalala kwambiri," adamasulira mwanayo. "Akuti chakudya chikugwira ntchito, ndiye tisasinthe kanthu."

A Kachingwe adathokoza. Lachisanu adaitananso a Twaibu ku tiyi, nawafotokozera kuti pakufunika ulendo wachiwiri, waufupi.

"Ayi, achimwene. Ine ndinakagoneka munthu, ndipitenso ndikamudzutse? Anthu adzandiona bwanji?"

"Mukangoti ndachira."

"Akudziwa kuti mwachira. Akuchiritsani ndi iwowo. Chatsala n'chakuti ndikawauze kuti phala lawo silikoma, ndipo chimenecho mukanene nokha."

"Simungazungulire?"

"Ndazungulira kale. Njira inali imodzi yomweyo."

Adamwa tiyi wawo. A Twaibu adatsanzika msanga, chifukwa adati adazolowera kudutsa kwa a Wu Lachisanu lililonse, ndipo amakonda kufika anthu asanachuluke.

A Kachingwe ali ndi zaka 50 tsopano, ndipo akugwirabe ntchito pamwamba pa zikepe. Kontirakiti yawo ithera mu Marichi 2027. Amadya phala la mpunga pa tebulo la pakona masiku asanu ndi limodzi pa sabata, amayezedwa Loweruka lililonse, ndipo mthenga wina sadapezekebe.