Phula la Ng'oma ya Malume

Malume anga anapita kumigodi ya ku Joni ine ndili wamng'ono, osabwereranso. Atadwala mwakayakaya anaitanitsa chinthu chimodzi chokha, ng'oma yomwe ankaimba pamaukwati ku Kandeu. Wapasipoti pabanja pathu ndinali ine, ndiye ulendo unandigwera.

Amene anabwera nayo ndi msuweni wanga wochita geni pamalire ku Tsangano, tambwali wotheratu. Anaikulunga m'thumba la feteleza, zingwe mbwee, n'kundiuza kuti ndisavutike kumasula. Ndinamuyang'ana mokayikira. Atangotembenuka ndinamasula. Ndinapisa dzanja kunsi, ndinaigwedeza, ndinainunkhiza. Ine zokamangidwira chamba cha eni sindinkazifuna. Munalibe kanthu. Pakati pa chikopa panali phula lakuda basi, lija oimba amamata kuti ng'oma izilira mawu aakulu.

Pabwalo la ndege anandikaniza kukhala nayo pampando. Anaipititsa kokhala katundu, ine maso pawindo, kuonetsetsa aliyense woyandikira ngolo ya zikwama. Chakudya cha m'ndegemo sindinachimve kukoma.

Titatera, ng'oma inatuluka yabwinobwino. Koma woona katundu wa kumeneko anaima pa phula lija. Analikanda ndi chikhadabo, analinunkhiza, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anafunsa kuti n'chiyani. Ndinati ndi phula. Dzina la phula m'Chizungu linandithawa, ndipo m'mene ndinkachita chibwibwi m'pamene nkhope yake inkaumira. Anaitana mnzake. Anapala lonse ndi kampeni, kulithira m'kajumbo, kenaka anandikodola kuti ndizipita.

Malume ndinawapeza ataonda, koma ataona thumba lija anadzuka okha pabedi. Anapana ng'oma m'maondo, n'kumenya. Inalira ngati chidebe. Anamenyanso, kenaka anasisita chikopa ndi zala.

“Iwe, ng'oma yanga wasiya kuti?”

“Ndi yomweyo, malume. Phula achotsa pabwalo la ndege.”

“Achotsa kuti akatani nalo?”

Anandiyang'ana chimodzimodzi m'mene ndinamuyang'anira msuweni wanga uja, n'kukankhira ng'oma kukhoma. Zinandiwawa kwambiri. Ndinazungulira m'mashopu kufunafuna phula, koma lomwe ndinapeza linali lopakira pansi.

Tsiku lobwerera ndinagwada pambali pa bedi kuti nditsanzike. Anandigwira dzanja, mawu ali apansipansi.

“Ukakafika kumudzi, yeniyeniyo ukaisunge bwino. Sindikukwiyira.”

Ndinangoti chabwino, malume. Anamwalira mvula isanagwe.