Sileti ya Chibangula

Sileti ija inali yothyoka ngodya imodzi, ndipo pamwamba inali ndi kabowo kopisapo luzi. Sinali yanga, inali ya sukulu. Koma Lachisanu lina ndinayenda nayo pakhosi kuchokera kusukulu mpaka kwathu, chifuwa chili patsogolo. Mpaka lero ndikagwira kuseri kwa khosi ndimamva luzi lija likukanda.

Izi ndikulemba ndekha. Amene aone zilembo zokhota asaseke. Ndinalowa sukulu mvula yoyamba isanagwe, ndinatuluka fodya asanalowe m'chigafa. Zina zonsezi ndadziphunzitsa ndekha, pa Baibulo ndi pa matumba a feteleza.

Ndinalowa mochedwa, ndili kale chimnyamata chachitali pakati pa tiana tamamina. Kwathu kwa Kapichila tinkayankhula Chitumbuka, koma aphunzitsi anali a ku Chipata, Chinyanja chawo chosalala ngati malaya awo. Akandifunsa kanthu ndinkayankha mokuwa. Mawu anga anakulira kubusa, kumene ng'ombe siimva zonong'ona.

Lachisanu lililonse masana aphunzitsi ankatsekula bokosi lachitsulo n'kutulutsa timabuku titatu tomangidwa ndi mphira. Ankawerenga ataimirira pakhomo pomwe panali kuwala, ife tili pansi, denga la udzu likudontha, m'kalasi mukununkha dothi lonyowa ndi inswa zokazinga za m'matumba mwathu. Inali nkhani ya ana awiri, mlongo ndi mlongo wake, amene anatsata mbuzi yotayika, nalowa m'dzenje la pachulu, natulukira kudziko lina. Kumeneko mitsinje inkayenda chokwera phiri. Anthu ake ankavula mithunzi yawo n'kuiyanika padenga. Ine ndinkachita kuiwala kumeza malovu.

M'dzikolo munali chimphona cholondera chipata chachitsulo, dzina lake Chibangula. Chikakuwa, masuku ankayoyoka m'mitengo. Pakhosi pake panali thabwa lolembedwa ndi mfumu yeniyeni ya dzikolo, ndipo chimphonacho chinkaliloza kwa aliyense wodutsa.

Tsiku lomwe tinamva za iye, aphunzitsi anatseka buku n'kundiyang'ana. Anati, "Nafenso tili naye Chibangula wathu." Anatenga sileti, analemba ndi choko, anandikoleka pakhosi. "Ndalemba kuti Msilikali Wamkulu. Pita ukawaonetse a m'makalasi aakulu."

Nthawi imeneyo ndinkadziwa chilembo chimodzi chokha, M, chija chonga mapiri awiri. Ndinaweramira pachifuwa ndipo ndinachiona chili poyambirira. Ndinati m'mtima, zoonadi. Ndinalowa m'makalasi a ana odziwa kuwerenga, ndinaima kutsogolo, ndinabangula. Anaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi. Anaomba m'manja. Ine ndinabangulanso.

Amama sankadziwa kuwerenga. Anaigwira sileti ija ndi manja awiri, nati isafufutike, iikidwe pamwamba nkhuku zingaiponde. Adada anali atamwalira, ndipo tinkakhala kwa asibweni, mlongo wawo wa amama, amene anagwirapo ntchito kumigodi ndipo ankawerenga pang'ono. Anabwera kuchokera kufodya manja ali akuda ndi utomoni. Anaitenga sileti, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Anawerenga kawiri. Kenaka analavulirapo, napukuta ndi chikhatho mpaka kuyera. Anati, "Lolemba ukubwerera ku ng'ombe."

Buku lachiwiri linali litangoyambika.

Ndinawada asibweni. Ndinkati ndi nsanje, safuna mwana wa mlongo wawo awapose. Ndinkanena zimenezi pamowa, pamaliro, ndi pamsika wa fodya, ndipo ine ndikanena chinthu mudzi wachiwiri umamva. Atamwalira, tsiku lowaika sindinagwire khasu kumanda. Ndinaima pansi pa mtengo n'kuuza anthu kuti munthu uyu ndiye anandidula sukulu.

Dzina lija ndinapita nalo. Ndinakwatira ndili Chibangula, ndinabereka ana ndili Chibangula. Nditagula ngolo ndinaitana wolemba zikwangwani kuchokera kuboma, analemba dzinalo kumbuyo kwake ndi utoto wofiira, zilembo zazikulu ngati mkono.

Chaka chija tinadya chimanga chachikasu cha thandizo, ndinapita ku Msika wa Lundazi ndi tambala woti ndikagulitse. Pafupi ndi ogulitsa salaula, zovala zakale zija, panali bambo wina atayala mabuku akale pa thumba. Ndinaona chikuto chojambulidwa chulu ndi mbuzi. Ndinagwada n'kuyamba kufufuza. Mabuku onse atatu aja analipo, odyedwa ndi chiswe m'mbali. Tambala uja ndinamusiya pomwepo.

Ndinawerenga chilimwe chonse, pansi pa mtengo wa mango, chala chili pa mzere. Tsamba limodzi patsiku, nthawi zina theka. Choyamba kundiwawa chinali kuchepa kwake. Dziko lija ndinalinyamula m'mutu zaka zoposa makumi anayi, lalikulu kuposa Lundazi yense, linali timasamba tochepa, ndipo mitsinje yokwera phiri inali mizere iwiri basi. Komabe ndinapirira, ndinkafuna ndione Chibangula akumenya nkhondo yake.

Nkhondo panalibe. M'buku lachitatu kamtsikana kaja kanafika pachipata, kanayang'ana thabwa la pakhosi, kanawerenga mokweza. Mfumu inali italemba kuti, "Musamuope, ndi mawu chabe." Chimphona sichinkadziwa kuwerenga. Chinkaganiza kuti ndi ulemu. Ana aja anadutsa pakati pa miyendo yake akuseka, ndipo kuseri kwa chipata kunali khola lopanda kanthu.

Chala changa chinaima pa chilembo choyamba. Mapiri awiri aja a pa sileti yanga.

Aphunzitsi anali atawawerenga mabuku onse atatu asanatiwerengere ife. Ankadziwa bwino chimene ankakoleka pakhosi pa mwana wamasiye wosadziwa bwino Chinyanja. Ena amati inali nthabwala. Ine ndaweta ng'ombe moyo wanga wonse, ndipo sindinaikolekepo goli kuti anthu aseke.

Mmodzi wa anzanga a m'kalasi muja akadali moyo, ndi mkulu wa mpingo kwathu. Ndinamupeza akusoka fodya.

"Akulu, buku lachitatu lija munalimva?"

"Tinalimva."

"Ndiye zaka zonsezi mukundiitana dzina limeneli?"

Sanakweze mutu. Anati, "Tikanakuuzani bwanji? Inu mukayamba kuyankhula ndani amamveka?"

Ndinabwerera osatsazika. Dzina pa ngolo sindinalifufute. Ndilifufutire ndani? Boma lonse likulidziwa. Mabuku ndinawamanga ndi mphira n'kuwaponya pansi pa nkhokwe, chiswe chimalize ntchito yake.

Kumanda ndinapitako kamodzi ndi khasu, kuti ndikalambule pa asibweni. Mitumbira inali itaphwa, udzu uli m'chiuno. Sindinadziwe kuti wawo ndi uti, poti tsiku lija ndinaima patali. Ndinalambula itatu yoyandikana.

Chomwe chimandibwerera ndi dzanja lawo. Atapukuta sileti ija, chikhatho chinali choyera ndi choko pamwamba pa utomoni, ndipo chinkanjenjemera. Anandigwira nacho pamutu kanthawi, ine ndinachikankha. Ndinaona kunjenjemera kuja ndipo ndinadziwa kuti akwiya. Ndinkaganiza kuti akwiyira ine.