Aphunzitsi a ku Hewe ndi A Priori Wawo

Ku Hewe kuli aphunzitsi opuma pantchito amene pakamwa pawo sipachoka mawu a Chilatini akuti a priori. Amati ndi choonadi chimene munthu amachipeza ndi mutu wokha, osadikira kuona ndi maso. "Ziwiri kuphatikiza ziwiri n'zinayi, sizilira mboni," amatero ali phee pakhonde.

Tsiku lina m'dzinja, akazi awo anafika ali wefuwefu. "Abambo, mbuzi zili m'chimanga!"

"Zosatheka," anayankha aphunzitsi. "Ndazimanga ndekha, ndipo mbuzi yomangidwa silowa m'munda. A priori!"

"Yewo chomene," anatero mayiwo. "Ndiye pitani mukazifotokozere, poti izo sizinaphunzire Chilatini."

Aphunzitsi anaseka mpaka misozi, n'kuthamanga ndodo ili m'manja. Mawuwo amawanenabe mpaka lero, koma amayamba ayang'ana kaye chingwe.