Mayina Amene Amalume Anafufuta

Kompyuta ya bungwe lathu la maliro inkakhala kuseri kwa kagolosale ka amalume ku Madumabisa, pakati pa matumba a mchere ndi makatoni a sopo, itafundidwa chitenje poopa fumbi la malasha. Sanali amalume anga enieni. Iwo anali Msilamu, ife Akhristu, koma ku Hwange, tauni ya mgodi wa malasha ku Zimbabwe, aliyense amene makolo ake anachokera ku Malawi tinkamupezera ubale. Ndiwo anali mlembi wa bungwe, ndipo mu kompyutamo ankasungamo mayina a mabanja onse, mudzi wa aliyense ndi mfumu yake, kuti munthu akamwalira uthenga ukafike pakhomo loyenera kumudzi.

Chaka china kompyutayo inayamba kulira kwe-kwe-kwe akangoiyatsa. Anaitana ine chifukwa ndinkagwira ntchito yotayipa makalata m'tauni, ndipo kwa akuluakulu aja mtsikana aliyense wodziwa kutayipa anali injiniya. Ulemuwo sindinaukane. Ndinatchera khutu n'kuweruza kuti disiki, kachitsulo kamene kamasunga zonse m'katimo, yatsala pang'ono kufa.

Pamsonkhano wa komiti ndinalankhula modzimva. Ndinati pali pulogalamu imene imajambula disiki yonse mmene ilili n'kuiika pa disiki ina, osataya ngakhale chilembo chimodzi. Pulogalamuyo anali nayo mnzanga wina, mnyamata wa mtundu wa Chinambya wa konkuno, amene ndinaphunzira naye sukulu, amene tsopano ankagwira ntchito ku ofesi ya makompyuta ya kampani ya mgodi.

"Wa ku kampani?" anafunsa mkulu wina, n'kuyang'ana amalume.

"Ameneyo wakulira pakhomo pathu," ndinayankha, mtima utayamba kale kupsa. "Ngati simukumukhulupirira iyeyo, khulupirirani ine."

Ndinkaganiza kuti ndi umbuli wa nkhalamba basi, zoopa chilichonse chokhala ndi waya. Palibe amene anandiuza chifukwa chimene ankaopera, nanenso sindinafunse. Amalume anangoti, "Chabwino mwana wanga, koma undipatse masiku awiri ndikonze kaye."

Mnzangayo anabwera Lachinayi masana ndi sidi ya pulogalamu ndi disiki ina imene anabwereka kuofesi kwawo. Polowa anandiitana ndi mfunda wa bambo anga, monga ankachitira nthawi zonse. Anatengera kwa bambo, amene ankandiitana choncho ali moyo, ndipo m'Chichewa chonse mawu amene iye ankawatchula bwino anali amenewo. Ntchito inatenga maola awiri. Itatha anakulunga disiki ija mu nyuzipepala n'kupita nayo, nati Lolemba apeza ina yoti tiike mu kompyuta yathu n'kubwezeretsamo zonse.

Lachisanu ndinadzera pagolosale amalume atangochokera kumzikiti. Ndinawapeza ali osangalala, mpaka anandipatsa fanta.

"Wagwira ntchito, mwana wanga. Nanenso yanga ndinagwira. Kabuku kachiwiri kaja ndinakakopera m'kope ndi dzanja, kenako ndinakafufuta mu makinamo. Mnzakoyo watenga zoti aliyense angathe kuona."

Fanta ija ndinaiika pansi. Kabuku kachiwiri sindinkakadziwa, koma pulogalamu ija ndinkaidziwa. Kufufuta mu kompyuta kuli ngati kumatula pepala la pachitini: dzina lachoka, koma za m'katimo zikadali momwemo. Ndipo pulogalamu imene ndinaitama ija ubwino wake unali womwewo, woti imatenga ndi zofufuta zomwe.

Ndikanatha kukhala chete, ndipo kunena zoona ndinaganizira zimenezo. Koma pakamwa panga sipasunga kanthu.

"Amalume, zofufuta nazonso zapita."

Anatuluka kuseri kwa kauntala, n'kutseka chitseko cha golosale masanasana, makasitomala awiri ali panja.

Anandifotokozera ataimirira. Kale amuna ambiri ankalowa ntchito pamgodi ndi chitupa cha munthu wina. Mkulu wako kapena mnzako akadwala n'kubwerera kumudzi, iwe unkatenga chitupa chake, nambala yake ndi dzina lake, n'kulowa pansi m'malo mwake. Ngozi ya mumgodi wa Kamandama, imene inapha anthu mazanamazana, itachitika, akuluakulu anaona vuto lake: uthenga wa maliro ukapita kumudzi ndi dzina la pamgodi, anthu ankalira munthu wolakwika. Ndiye bungwe linayamba kusunga mayina awiri, la pamgodi ndi lenileni, ndipo lenilenilo linkatchulidwa pa tsiku loika maliro lokha, chamunsimunsi, kwa amene akulemba kalata ya kumudzi.

"Akazi amasiye amene akukhala m'nyumba za kampani akukhalamo pa dzina la pamgodi," anatero. "Kampani ikadziwa kuti mwini dzinalo anafera ku Malawi kalekale, ukuganiza kuti katundu wawo agona kuti?"

Masiku amenewo n'kuti anthu athu akuswera pamizere ya zitupa, akufunsidwa kumene makolo awo anabadwira. Sinali nthawi yoti munthu apezeke ndi mayina awiri.

"Ndipo usaganize kuti ndi za anthu ena," anapitiriza. "Bambo ako ali pa tsamba loyamba."

Mayi anga ankakhala m'nyumba ya kampani, ya zipinda ziwiri, momwe ndinabadwira, ndipo analibe kwina kopita. Ku Malawi anachokako ali wakhanda. Ndinafunsa amalume kuti nanga dzina lenileni la bambo linali ndani.

"Limenelo ukafunse mayi ako. Ine sindiperekanso dzina kwa munthu."

Ndinathamangira ku ofesi ya kampani dzuwa likuswa mtengo. Mlonda wa pageti anandiuza m'Chindebele kuti mnzangayo wapita kukakonza makina kushafuti, kolowera pansi pamgodi, ndipo sabwereranso. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana mawindo a ofesiyo, ndikudziwa kuti kuseri kwa limodzi la iwo kuli disiki yokulunga mu nyuzipepala, ndipo ofesi yoona za nyumba za kampani ili m'khonde lomwelo. Madzulo mayi anandifunsa chifukwa chimene sindikudyera. Ndinati ndi mutu.

Loweruka m'mawa ndinapita kwawo ku Ingagula. Ndinamupeza akutsuka njinga panja.

"Disiki ija ndikuifuna lero," ndinatero ndisanapereke n'komwe moni.

"Hawu, sisi! Ili mu dirowa yanga, yokiya. Yavuta n'chiyani?"

"Kiyi ali ndi ndani wina?"

"Bwana wanga ali naye, koma sagwira zinthu zanga."

"Ndiye tiye tikaitenge."

Anaika nsanza pansi. Anandikumbutsa kuti ndine ndinamupempha, kuti anatulutsa katundu wa kuofesi popanda chilolezo chifukwa cha ine, ndipo kulowa muofesi Loweruka kumafuna kusayina pageti. Zonsezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri. Ndinamulalatira mkazi wake akumva pawindo. Chifukwa chenicheni sindikanamuuza, pakuti kumuuza kuti musatsegulidwe kanthu kunali kumusonyeza pamene pali kanthu.

"Ndiye kuti sundikhulupirira," anatero.

"Sindinanene choncho."

"Wanena."

Anapita yekha. Ndinamudikira pagolosale ya amalume kuyambira chakum'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Iwo ankangogulitsa sopo ndi machesi, ndipo galimoto iliyonse ya kampani ikadutsa ankaimitsa dzanja m'malere mpaka itapitirira.

Mnzanga anafika ndi disiki ija, nyuzipepala yake ili yomweyo. Ndinayang'anitsitsa mapindidwe ake kuti ndione ngati inamasulidwapo, koma ndikanadziwa bwanji? Ndinamuuza kuti aifufute yonse pamaso pathu, kufufuta kwenikweni kolemba ziro paliponse. Sanafunse chifukwa. Anailumikiza, tinakhala atatu kuseri kuja m'chifungafunga cha sopo, tikuyang'ana kamzere kakuyenda pang'onopang'ono pa sikirini. Amalume ankapemphera chamumtima kuti magetsi asazime, ndinkaona milomo yawo.

Kamzere katafika kumapeto ndinamuperekeza panja.

"Unatsegula?" ndinafunsa.

"Ayi."

"Ngakhale kuyesa chabe ngati yajambula bwino?"

Ndinkadziwa kuti mmisiri aliyense amayesa. Iye mwini ndiye anandiphunzitsa kuti chojambula chosayesa n'chimodzimodzi kusajambula.

"Ndati ayi, sisi," anatero akumanga disiki pakaliyala ya njinga yake.

Sabata yotsatira amalume anagula makope anayi n'kukopera mayina onse ndi dzanja kompyuta isanafe. Inafa mwezi usanathe, ndipo komiti sinandiitanenso.

Ine ndinkadikira kalata. Mesenjala wa kampani akalowa mu mzere wathu wa nyumba, ndinkaima pakhomo mpaka atadutsa. Miyezi inatha, kalata sinabwere. Mayi anapitiriza kusesa bwalo lawo m'mawa uliwonse n'kumadandaula za fumbi, osadziwa chilichonse. Kangapo ndinafuna kuwafunsa dzina la bambo, koma akanandifunsa kuti wamva kwa yani, ndipo ndikanayenera kuulula kuti nyumba yawo ndinaipereka m'manja mwa munthu ndi pakamwa panga. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi.

Mnzanga uja sitinadane. Tinkakumana kumsika, kumaliro, pamzere wa buledi, ndipo ankandipatsa moni bwinobwino n'kufunsa za mayi. Panapita nthawi ndisanazindikire chimene chinasintha. Tsiku lina anandiona kutsidya kwa msewu, anakweza dzanja, anatsegula pakamwa monga ankachitira kuyambira tili ana, kenako anaima. Anameza mawu aja n'kungoti, "Sisi."

Kuyambira Loweruka lija sanandiitanenso ndi mfunda wa bambo anga, ngakhale kamodzi. Apo ndinadziwa kuti disiki ija anaitsegula, n'kuona kuti mfundawo sunali wa bambo. Sanauze munthu, ndipo mayi anakhala m'nyumba yawo mpaka tsiku limene tinawanyamula kupita nawo kumanda. Koma iye akudziwa kuti ndine mwana wa yani, pamene ine mpaka lero sindidziwa.