Dzimbiri ndi Mfuti ya Agogo

Ine ndinaphapo njovu zitatu ndi chipolopolo chimodzi. Zinaima mondondozana ngati odwala pamzere wa mankhwala, ine n'kuombera yakutsogolo, chipolopolo n'kukatulukira kumchira kwa yachitatu, n'kukathyolanso nthambi imene panali njuchi, moti tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndi nyama ndi uchi womwe. Limeneli ndi bodza, tisavutane. Njovu ndinaionapo pakalendala basi, ndipo tayala la njinga likaphulika panja, woyamba kulowa pansi pa bedi ndimakhala ine. Koma zimene ndikusimbireni za mwana wa mlongo wanga ndi zoona zokhazokha, kupatula apo ndi apo pamene pafunika kamchere.

Dzina lake lenileni ngakhale mayi ake amalikumbukira movutikira. Tonse timamuitana kuti Dzimbiri. Ntchito yake ndi kudula makiyi ndi kukonza maloko, m'kashopu kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa mafoni, kochepa moti akafuna kuyetsemula amayamba watuluka panja. Ndi munthu wofatsa, woonda ngati kiyi yemweyo, ndipo mawu amatulutsa limodzilimodzi ngati akuwaumira. Nkhuku sangaizinge, amakapempha woyandikana naye nyumba. Koma ukalowa kuchipinda chakumapeto kwa nyumba ya munthu yemweyu, ungayese wafika kwa mkulu wa nkhondo.

M'chipindamo muli zenera limodzi ndi fungo la mafuta a makina osokera. Khoma silioneka. Pali mikondo yamasamba aakulu ndi nthungo zoonda, uta umene nsinga yake inaduka ine ndisanamere mano, phodo la mivi, zibonga, ndi chishango chachikopa chimene njenjete zinachiboola mpaka chikhoza kusefa ufa. Pali mpeni wokhotakhota ngati njoka ikuwoloka msewu, umene anaupeza kwa dalaivala wa lole, amenenso anaupeza kwa munthu wogwira ntchito m'sitima yapamadzi. Pali lupanga lopindika ngati mwezi wongooneka kumene. Panalinso ndodo yokhota ya kudziko lakutali, imene amati ukaiponya imabwerera yokha. Imeneyo ndinaiyesa ine tsiku lina mwini wake ali kuntchito. Sinabwerere. M'malo mwake kunabwera bambo wa nyumba yakuseri, atanyamula zidutswa za galasi la zenera lake.

Mfuti zakale ziliponso zingapo, zonse zakufa. Apolisi anabwera kudzaziona, n'kupeza mipope yake yotsekedwa ndi mtovu, mmodzi wa iwo n'kunena kuti legeni ya mwana wake ndi yoopsa kuposa chipinda chonsecho.

Anzake Loweruka amapita kumpira. Iye amakwera njinga n'kumazungulira kwa ogula zitsulo zakutha, kumafukula milu ngati nkhuku padzala. Akabwera manja ali ofiira ndi nkhope yowala, dziwani kuti khoma lalandira mlendo.

Dzina la Dzimbiri linabwera chifukwa cha mayi ake. Tsiku lina, iye asanakwatire, mlongo wangayo anaona lupanga lakuda bii lili pakona, n'kumva chisoni kuti mwana wake alibe womusamalira. Analigoneka patebulo lake lija la miyendo itatu, limene mwendo wachinayi chiswe chinadya kalekale n'kuikapo njerwa, ndipo analikwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka linawala ngati supuni ya alendo. Mnyamata atabwera anaima pakhomo ngati wamenyedwa ndi mphenzi. Kenako anati, "Amayi, mwameta munthu wamkulu. Dzimbiri ndi imvi za chitsulo." Sanadye kanthu mwezi wathunthu, kapena tinene kuti mpaka madzulo.

Masiku ano anthu amamudziwa. Amabwera kushopu ndi zinthu zokulunga m'ziguduli, aliyense ndi nkhani yake: ichi chinali cha mfumu yakutiyakuti, ichi chinamenya nkhondo kutsidya kwa nyanja. Nkhanizo Dzimbiri amamvetsera mwaulemu, koma zimalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Amayamba wanunkhiza chinthucho. Kenako amachigogoda ndi kiyi, khutu lili tcheru, ngati munthu wosankha vwende pamsika. Akatero amatenga sikuludiraiva, n'kumasula sikuluwu imodzi yokha, n'kupita nayo padzuwa.

"Mwini chinthu akhoza kunama," amatero. "Mtengo akhoza kuudetsa ndi polishi ya nsapato. Chitsulo akhoza kuchikwirira kudzala kuti chichite dzimbiri. Koma sikuluwu sinama. Ya makina mizere yake imafanana ngati asilikali paperete. Yosula pamanja imakhala ngati mano a malume, lina uku lina uko."

Bambo wina anabwera ndi lupanga limene ankati agogo ake analanda kwa mkulu wa asilikali achilendo. Dzimbiri analigogoda, n'kulitembenuza, n'kumuonetsa bowo la bawuti lobisika pansi pa chigwiriro. Chinali chidutswa cha sipuling'i ya lole. Bamboyo anachoka osatsanzika, ndipo mpaka lero makiyi ake amakadulitsa kutsidya kwa tauni. Pa zinthu izi Dzimbiri alibe mbale.

Chinthu chimodzi chokha ndicho sanachikhudzepo ndi sikuludiraiva: mfuti ya gogodela yopachikidwa pamwamba penipeni, kufupi ndi denga. Gogodela ndi mfuti zija zothira wonga chakukamwa, n'kumasinja ndi kachitsulo kuti go, go, go, mdani ataima akukudikira kuti umalize. Imeneyo ndinamupatsa ine, ali mwana wa mamina, pamene ankadwala chikuku n'kumakana kudya. Ndinamuuza mbiri yake yonse: kuti inali ya agogo athu, bambo wa bambo anga, ndipo anaphera mkango umene unkadya anthu mosankha, onenepa okhaokha. Mwana anadya, n'kuchira, n'kumagona nayo mfutiyo mpaka ndevu zinamera. Chikuku chinatha, matenda a zida n'kuyambira pomwepo.

"Iyi sindiimasula," ankatero. "Agogo ako suwafunsa chiphaso."

Mkazi wake ndi namwino, mayi wodekha amene wasoka mabala ambiri moti akaona mkondo saona mbiri, amaona ulusi ndi singano. Chipinda cha zida anachipirira zaka zonsezi chifukwa chinali ndi loko wabwino. Koma chaka chino apongozi angawo ndi oyembekezera, ndipo nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri. Anamuuza m'mawa wina akumwa tiyi.

"Bambo, kalipentala wati kabedi ka mwana katha. Ndikaike pati?"

"Pabalaza pali malo."

"Pabalaza pamagona malume akabwera, ndipo amaliza mkonono ngati chigayo. Mwana azigona kuchipinda kuja."

"Pamodzi ndi..."

"Pamodzi ndi chimodzi. Sankhani chimodzi chotsala pakhoma. Zina zonse zikapeze kokhala."

Dzimbiri sanatsutse. Mwanayu awiriwa amudikira zaka zambiri, ndipo pakati pa mkondo ndi khanda panalibe chofunira nkhoswe. Anapita kunyumba yosungirako zinthu zakale, akuluakulu a kumeneko n'kuvomera kumusungira zidazo m'makabati agalasi, kuti azikaziona Lamlungu ngati wodwala wogonekedwa kuchipatala. Za chotsala pakhoma sanaganize kawiri. Mfuti ya agogo.

"Imeneyo ayi," anatero apongozi. "Chinthu chimene chinachotsapo moyo sichikhala pamutu pa mwana wanga. Siyani chishango."

"Chishangocho n'cha njenjete."

"Ndiye siyani njenjetezo."

Apa m'pamene Dzimbiri anayamba kuonda, munthu woti analibe kale pochotsa. Kushopu maganizo ankakhala kwina, moti mayi wina anamudulira kiyi amene anakana chitseko chake n'kukatsegula cha eni ake. Zida zina zonse akanatha kumakaziona kuseri kwa galasi mtima uli m'malo. Koma iyi ankafuna kuti mwana wake akule akuiona monga anakulira iye, kuti tsiku lina adzaloze pakhoma n'kufunsa za mkango uja.

Tsiku lolongedza anandiitana kuti ndikathandize. Gawo langa linali kukhala pampando ndi kulangiza. Nditaona mmene nkhope yake inagwera akukulunga mikondo m'manyuzipepala, ndinaganiza zomulankhulirako kwa apongozi, amene ankapinda matewera pakhomo la chipindacho.

"Apongozi, mkango uja sikuti unali mkango kwenikweni. Unali wokalamba, mano onse atatha. Anthuwo unkangowayamwa."

"Koma unafa?"

"Unafa, koma ndi mantha. Agogo anaphonya."

"Chaka chatha munati chipolopolo chinalowa diso lamanzere n'kutulukira lamanja."

"Umenewo unali mkango wina."

"Ndiye kuti inapha iwiri," anatero apongozi, n'kutenga thewera lina.

Dzimbiri anandiyang'ana ndi maso opempha kuti ndisamuthandizenso. Anakwera pampando n'kuitsitsa mfuti ija ndi manja awiri, ngati akuphunzira kunyamula khanda. Akuluakulu a kosungira zakale aja anali atamuuza kuti chida chilichonse chibwere ndi mbiri yake yeniyeni, kumene chinasulidwa ndi nthawi yake. Zina zonse ankazidziwa ngati zala zake. Inatsala iyi yokha. Anaigoneka pafupi ndi zenera, n'kupisa dzanja m'thumba la malaya mmene mumakhala sikuludiraiva.

"Iwe, usaimasule," ndinatero. "Agogo sankakonda kugwidwagwidwa."

"Ndingoona pang'ono, malume."

"Wonga wakale umasunga mkwiyo. Tiphulika tonse muno, ndi mwana yemwe."

"Khalani pansi, malume."

Anainunkhiza. Anaigogoda ndi kiyi, n'kupendeketsa mutu, n'kuigogodanso. Kenako anamasula sikuluwu imodzi n'kuikweza pakuwala. Anaiyang'ana nthawi yaitali moti ine ndinayamba kukumbukira kuti kwathu ndinasiya madzi pamoto. Mizere yake inali yofanana ngati asilikali paperete.

Anamasulanso masikuluwu otsalawo. Mpope unalekana ndi mtengo wake. Kumbuyo kwa mpopewo, kumene kunabisika zaka zonsezi, kunali mizere yomangira ya paipi ya madzi, ndi chotsekera chake cha pulambala chili pomwepo. Anauzunguza uku ndi uku kufunafuna kabowo kolowera moto, kamene mfuti iliyonse ya gogodela imakhala nako kuti wonga uyake. Panalibe. Munthu wodziwa zitsulo ngati iye akanaziona kalekale, ndipo mwina n'chifukwa chake anaipachika kufupi ndi denga.

"Mayi," anaitana mkazi wake, mawu ali pansipansi. "Tabwerani muone. Iyi sinalirepo chibadwire. Ngakhale ntchentche singaphe, pokhapokha mutaimenya nayo pamutu."

Apongozi anasuzumira mumpopemo ngati akuona pakhosi pa wodwala.

"Paipi?"

"Paipi ya kubafa."

"Mikango iwiri ija?"

"Ili moyo, kulikonse kumene ili."

"Ndiye ikhale pakhoma," anatero apongozi. "Mwana akadzakula azidzatungira madzi."

Ndinayang'ana nkhope ya Dzimbiri. Sindinadziwe ngati alira kapena aseka, ndipo ndikhulupirira kuti nayenso sankadziwa. Agogo ndi mkango wawo anali atangomufera m'manja, koma mfuti inali itapulumuka. Anayamba kusonkhanitsa masikuluwu aja pachikhatho mosamala, ngati ndi agolide.

"Agogo anali munthu wanzeru," ndinayamba. "Masiku amenewo mapaipi anali osowa kwambiri, ndiye iwo poona kuti..."

Dzimbiri anali atatembenuza mtengo wa mfutiyo, akusisita ndi chala chachikulu mbali imene mpope unkaphimba, kumene polishi ya nsapato sinafike. Panali timizere tozungulira tokongoletsa, tonga timene amisiri a mipando amaika. Anayang'ana timizereto, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso timizereto.

"Malume, timizere iti ndimatidziwa. Tili pamiyendo itatu ya tebulo la amayi."

"Zinthu zimafanana, mwana wa mlongo wanga. Ngakhale anthu amafanana."

"Munatiuza ndinu kuti mwendo wachinayi chinadya chiswe."

"Chiswe cha chaka chimenecho chinali choopsa. Funsa aliyense."

"Ndaona," anatero, akundilozera pamene mtengowo unadulidwa mowongoka bwinobwino. "Chinkayenda ndi sowo."