Galu Amene Ndinkamubisa ku South Bend

Galuyo poyamba sanali wanga. Anabwera naye mwana wanga wamkazi, kenako iye n'kupita ku koleji, n'kundisiyira chinyama chaubweya wofiirira chikundiyang'ana pakhomo la kukhitchini. Ine ndinakulira kumene galu amagona panja, amadya zotsala, ndipo akalowa m'nyumba amatuluka ndi chikuni. Koma chisanu cha ku South Bend, mzinda wa kunja kuno kumene ndimakhala, sichilola zimenezo. Anayamba kugona pafupi ndi chitseko, kenako pabalaza, mapeto ake kumiyendo kwa bedi langa. Ndinamukonda, ndipo ndinkachita nazo manyazi koopsa.

Mnzanga wa kuntchito ndiye anandinyengerera kuti galu wofatsa chonchi akhoza kumazonda odwala m'zipatala. Tinayamba maphunziro. Ankamuyendetsa pakati pa njinga za odwala, kumugwetsera mbale yachitsulo kumbuyo kuti aone ngati adzidzimuke, anthu achilendo n'kumamugwira makutu. Zonsezo anakhoza. Anagwa pa bisiketi. Woyesa anaiponya pansi, galu wanga n'kuimeza ine ndisanaphethire n'komwe. Nanga akanatani, poti ineyo ndinamuzoloweza kumuponyera zakudya pansi ngati kwathu? Tsono kuchipatala chogwa pansi chikhoza kukhala piritsi. Tinabwerera kunyumba kukalimbana ndi mawu amodzi, "siya", mpaka anakhoza n'kupatsidwa kansalu ka m'khosi kosonyeza kuti ndi galu wozonda odwala.

Chipatala chilipo pafupi ndi nyumba yanga, koma ayi ndithu. M'menemo muli Amalawi ogwira ntchito, ndipo nkhani ikanafika kumpingo ndisanapake n'komwe galimoto. Kumpingo kwathu kuli mayi wina wachikulire, mtsogoleri wa azimayi, munthu wosabisa mawu. Tsiku lina tikudya titamaliza mapemphero, iwo anati, "Ena chizungu chawapitirira. Akugona ndi agalu pabedi pomwe abale awo kumudzi alibe bulangete." Anthu anafa nacho chiseko. Nanenso ndinaseka, mokweza kuposa onse, uku pansi pa tebulo ndikuchotsa ubweya pasiketi yanga.

Ndiye ndinakalembetsa ku chipatala china kutali, mumzinda wa Indianapolis. Loweruka lililonse ndinkadraiva mtunda wonsewo, galu ali kumpando wakumbuyo, kuti ndikachite zabwino kumene palibe wondidziwa.

Loweruka lina nesi anandilozera chitseko. Anati wodwala wa m'menemo salandira alendo, koma lero wavomera galu. Ndinagogoda n'kulowa. Pabedi panali mayi a kumpingo aja. Mpango unali utatsetsereka, tsitsi lonse litathothoka, diripi ili padzanja. Kumpingo tonse tinkadziwa kuti anapita kukalera zidzukulu kwa mwana wawo kutali.

Tinayang'anana. 

"Iwe," anatero.

"Zikomo amayi. Galuyu ndi wa mnzanga wachizungu, ine ndangomugwirira."

Bodzalo linatuluka lokha, moni ndisanapereke n'komwe. Galu anayamba kununkhiza kapu imene inali pakatebulo, ine mwachizolowezi n'kunena kuti, "Siya! Khala!" Anakhala pansi pomwepo.

"Galu wa mzungu womva Chichewa," anatero mayiwo, n'kuseka mpaka kutsokomola. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Kenako galu anaika chibwano pamphepete pa bedi, monga anaphunzirira. Mayiwo anabweza dzanja. Patapita kanthawi analibweretsa n'kuliika pamutu pake, ndipo silinachokepo. Anayamba kulankhula akuyang'ana galuyo, osati ine. Anati ndi khansa. Anati moyo wawo wonse akhala akuzonda odwala, atanyamula phala ndi nyimbo, ndipo amawadziwa maso amene anthu amayang'ana nawo munthu wogona. Sankafuna kuyang'anidwa choncho. "Uyu ndinangomuvomera kuti m'chipinda muno mulowe chamoyo chosandimvera chisoni."

Pamene ndinkatuluka, mayiwo anati, "Mwanangu, usauze anthu." Ndinawauza kuti lamulo la ntchitoyi silindilola n'komwe kunena amene ndamuona. Ndikanalekera pomwepo. Koma pakamwa panga panapitiriza: "Nanunso amayi, za galuyu..." Abale inu! Munthu akulimbana ndi khansa, ine ndikupempha kuti andibisire galu. Anangogwedeza mutu movomera. Ndinalira njira yonse yobwerera, ndi manyazi.

Tinapitiriza kupitako. Mayiwo ankasungira galuyo malo pambali pa bedi, ndipo ankandikalipira ndikachedwa. Koma galu ankabwera Loweruka lokha. Masiku ena onsewo mayiwo ankakhala okha ndi denga, ndipo ine Lamlungu ndinkamva azimayi akufunsana kuti zidzukulu zija zikula liti. Ndinkangoti phee, chinsinsi chawo ndi changa ndazimanga pamodzi.

Atatulutsidwa anabwera kumpingo, atawonda, akuyenda ndi ndodo. Nthawi ya zolengeza anaimirira. Anati sanapite kwa zidzukulu, anadwala, ndipo matendawo sanathe. Anati anabisa chifukwa cha kunyada, ndipo tsopano atopa kudwala okha. 

"Miyezi yonseyi wondizonda anali galu," anatero. "Ine amene ndinkanyoza agalu. Mwini wake ali muno, koma ine sindimutchula."

Anthu anayamba kucheuka. Mayiwo sanayang'ane kumene ndinakhala. Anali atanena za khansa yawo pamaso pa mpingo wonse, ataimirira pa ndodo, ndipo ine ndinali nditagwirabe benchi chifukwa cha galu. Ndinachedwa kuimirira, ndipo kuchedwako ndimachita nako manyazi mpaka lero. Nditaimirira, mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Ndi wanga. Amagona pabedi panga."

Palibe anaseka. Mayiwo anati, "Mawa ubwere naye kunyumba. Enanu mubwere ndi phala."