Thadzi Langa Linavala Nsalu ya Chipani

Tambalayo anabwera naye panjinga kuchokera cha ku Chitedze, ali m'katoni yobowolabowola. Amuna angawo anatsika mwaulemu ngati atenga mlendo wolemekezeka. Zinali zaka zija matipate atangoyamba, ndipo kwathu kuno ku Kabudula tambala wakuda sankanyozedwa chisawawa.

"Amayi, uyu ndi wa Mikolongwe," anatero. "Tinkhuku tanu tachikudati tisintha mtundu."

Mwa tinkhuku tangato munali thadzi lamangamanga limene mayi anga anandipatsa ku Nsaru tsiku lomwe ndinkabwera chitengwa. Chideru chinalowa m'khola n'kusesa nkhuku zonse, ilo linatsala. Linkakhalira mazira osataya ndi limodzi lomwe, ndipo kabawi ankaliopa. Ndikasowa kwathu ndinkangoliponyera madeya n'kumaliyang'ana, mtima n'kukhala pansi.

Tambala uja anali wokongola, bodza n'loipa. Koma kumbuyo kwa miyendo yake kunali zikhadabo zazitali, zosongoka ngati minga ya mthethe. Akakwera nkhuku ankazizika pamsana. Sipanapite nthawi, nthenga za thadzi langa zinayamba kusosoka, kenako kunsi kwa phiko kunatseguka bala.

Ndinawauza madzulo ena akutsuka njinga yawo. "Abambo, tambala wanuyu mumudule zikhadabo zija. Aliphatu thadzi langa."

"Kudula? Tambala wopanda zikhadabo ndi thadzi, amayi. Nanga agalu akabwera adziteteza ndi chiyani? Ndi chilengedwe chimenecho."

Amuna angawo anali mphunzitsi, komanso mkulu wa mpingo. Mabanja akasokonekera ankabwera pakhonde pathu, ndipo mawu awo kwa amayi anali amodzimodzi: pirirani. Sindinadabwe kuti thadzi langa nalonso linalandira uphungu womwewo.

Koma poti anali munthu wophunzira, anabwera ndi nzeru. Anati vuto si tambala ayi, vuto ndi msana wa nkhukuyo, ndi wofewa. Ndiye ndisoke kansalu kophimba pamsana, kokhala ndi timalamba tolowa m'mapiko. Kalanga ine! Wobaya ndi wina, wovekedwa ndi wina.

Ndinasoka ndithu, nanga ndikanatani? Masiku amenewo nsalu sizinkasowa, chipani chilichonse chikabwera kudzachititsa msonkhano chinkasiya zake. Ndinadula imodzi. M'mawa mwake thadzi langa linatuluka m'khola litavala nkhope ya munthu wofuna mavoti pamsana. Amayi opita kumjigo anatula ndowa pansi ndi phwete. Wina anandifunsa kuti, "Kodi nkhuku yanuyi yalembetsa kale, eti?" Amuna angawo anayima pakhonde manja ali kumbuyo, kufotokozera aliyense kuti uku ndiye kuweta kwamakono.

Tambala sanaope nkhope ija. Anapitiriza monga kale, zikhadabo n'kumalowa m'mbali mwa kansalu. Chimene kansaluko kanachita bwino n'kubisa bala kuti maso a abambo asalione. Ndikawauza kuti nkhuku ikudwala, ankayang'ana n'kunena kuti, "Ine ndikuona yatchena bwinobwino."

Ndinkatsuka balalo ndi madzi amchere, n'kuthira phulusa. Ndinayesa kulitsekera thadzilo m'khitchini, koma nkhuku yozolowera kupalasa siikhala m'nyumba, linkathawira pazenera kubwerera komwe kuli anzake. Mvula itayamba kansalu kankanyowa, ndipo tsiku lina nditakavula ndinapeza mphutsi. Thadzi langa linasiya kudya, linkangoyima kuseri kwa nkhokwe mapiko ali lende.

"Tiliphe lisanafe lokha, ndiwo zingatayike," anatero abambo.

Analipha okha, ine ndinakana kugwira mpeni. Kuphika ndiye ndinaphika, n'kuwapatsa nthutumba yawo monga mwa nthawi zonse. Anati nkhuku yachikuda n'njokoma, za Mikolongwe sizifikako. Ine ndinadyera nkhwani. Ndinalira, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Sinali nkhuku chabe, chinali chinthu chokhacho chimene ndinabwera nacho kuchokera m'manja mwa mayi anga.

Lamulungu lina, tsiku la mgonero, abambo anavala suti yawo yakuda imene ndinaisita dzulo lake. Akudutsa pabwalo, Baibulo lili m'khwapa, tambala uja anawathamangira kuchokera kumbuyo, n'kudumpha miyendo ili patsogolo. Ndinangomva "Mayo!" Buluku linang'ambika kuyambira pabondo kutsika, pamsongolo magazi ali chuchuchu. Mkulu wa mpingo anatulutsa mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa.

Kutchalitchi anapita ndi buluku lakusukulu. Pobwerako sanavule ndi jekete yomwe.

"Amayi, ikani mpeni pamoto. Mundigwirire chilombochi."

Ndinamugwira tambalayo m'khwapa, miyendo ili panja. Ndinawayang'ana amuna anga atanyamula kasowo kodulira zitsulo, n'kuwafunsa mwaulemu wonse. "Abambo, nanga si chilengedwe chija? Bwanji timusiye, ndikusokereni kansalu kophimba msongolo? Nsalu ija idakalipo."

Sanaseke. Anadula nsonga ya chikhadabo choyamba, kenako chachiwiri, n'kupsereza ndi mpeni wotentha kuti magazi aleke. Tambala anakuwa pang'ono, ndinamutula pansi, anadzikung'untha n'kupita kukatola madeya. Sanasanduke thadzi. Anapitiriza kulira m'mamawa ndi kukwera nkhuku, ndipo palibe inavulalanso.

Madzi a tiyi amene ndinatereka tisanayambe anali asanawire n'komwe pamene tinkamaliza. Chimenecho ndicho chinandiwawa kuposa zonse. Ntchito yake inali yochepa chotero, ndipo ndinaipempha kwa miyezi.

Madzulo ake anandipatsa buluku lija kuti ndisoke. Ndinalilandira ndi manja awiri, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika pansi pa sutikesi. Akandifunsa ndinkawauza kuti apirire.